Mlendo wa Folo Koloko

Achimwene anga ndi ometa. Anthu amawatchula a Mpala, chifukwa kale akuphunzira ntchito, sitayilo iliyonse imene munthu wapempha inkathera pa mpala. Dzinalo linakakamira ngakhale dzanja litakhwima. Kashopu kawo ndi kachipinda kamodzi pakati pa golosale ndi malo owotcherera zitsulo. Muli galasi lalikulu kukhoma, mpando umodzi wozungulira, benchi la odikira, wotchi yapakhoma, ndi shelefu ya mashini, zipeso ndi botolo la sipiriti. Ine ndimasoka zovala misewu iwiri kuchokera pamenepo. M'banja mwathu tinatsala awiriwiri, ndipo chichokereni alamu anga, amene amadziwa ngati achimwene adya kapena agona ndi njala ndine.

Matenda ali nawo awiri. A shuga anawapeza nawo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo amadzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo. Enawo ndi a m'mutu. Anayamba akadali achinyamata, koma mankhwala anawagoneka kwa zaka zambiri, moti makasitomala ambiri sankadziwa n'komwe.

Tsiku lina Lachiwiri masana ndinawapititsira chakudya. Ndinapeza galasi lonse laphimbidwa ndi nsalu. Pampando panali bambo wina wonenepa, mutu wometedwa mbali imodzi. Achimwene anali chiimire, mashini akulira m'manja, koma nkhope atatembenuzira ku phewa lawo lakumanzere.

"Ndamva," anatero. "Dikirani ndimalize munthuyu."

Bambo uja anayang'ana ine, kuganiza kuti ndine ndalankhula. Ine ndinali ndisanatsegule pakamwa.

"Ndati ndamva! Mukufuna ndimudule khutu?"

Bamboyo sanadikire zambiri. Anaponya thawulo pa benchi n'kutuluka, mutu uli ngati munda umene wolima wathawa dzuwa.

"Achimwene, mukulankhula ndi ndani? Nanga galasili?"

"Ndaphimba ndine. Amaima kumbuyo kwangaku, ndiye ndikayang'ana pagalasi palibe munthu. Bola ndisaonepo."

"Amaima ndani?"

Anazimitsa mashini, kuwapukuta bwinobwino ndi kaburashi, n'kukhala pa benchi. Chakudya anadya, koma ankadya ngati munthu amene wina wamuimirira pamutu.

Ndikutuluka, wagolosale anandikodola. Kabotolo ka insulini ka achimwene kamakhala mu furiji yake, chifukwa kunyumba kwawo magetsi ndi a mwayi.

"Mayi, lero ndi tsiku lachinayi kabotolo kaja sakubwera kudzatenga. Ndimati mwina agula furiji yawo."

Ndinabwerera m'shopu. Poyamba anakana, kenako anangoti, "Akuti ndisabaye. Akuti jakisoniyo ndi amene akundiwoletsa m'kati." Ndinawakalipira, ndinalira, ndinawauza kuti kulibe munthu aliyense. Iwo ankangondiyang'ana ngati ndikulankhulira kutsidya la mtsinje. Lachisanu m'mawa wowotcherera zitsulo anawapeza ali thasa pansi, milomo itauma gwa, mpweya ukununkha ngati zipatso zoyamba kuwola.

Kuchipatala anakhalako masiku khumi. Shuga anatsika, mankhwala a m'mutu anawasinthira, mawu aja anachepa mphamvu koma sanachoke. Tsiku lotuluka adokotala sanandibisire.

"Mankhwala achita mbali yake. Koma munthu amene akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti asabaye, tsiku lina adzamvera. Pitani nawo ku chipinda chakumapeto kwa khonde, mukaonane ndi aphungu."

Chipindacho chinali kuseri kwa malo ochapira. Munali mipando yapulasitiki yoikidwa mozungulira, tebulo lopanda kanthu, ndi zenera limodzi loyang'ana ku zingwe zoyanikapo zofunda za m'mawodi. Aphunguwo anali mayi wamfupi wa imvi zakutsogolo kokha, wolankhula mofatsa ngati akuyeza mawu asanawatulutse. Ine ndinkadikira kuti awauze achimwene kuti zonsezi ndi matenda chabe. Koma iwo anafunsa ngati akufunsa za neba.

"Ndi aamuna kapena aakazi?"

"Aamuna."

"Amabwera nthawi yanji?"

"Nthawi ina iliyonse. Makamaka ndikagwira jakisoni."

"Pano alipo?"

Achimwene anapendeketsa mutu, kumvetsera. "Ali pakhomopo. Akuti inu ndinu abodza."

"Chabwino. Auzeni kuti ndamva. Mpando ulipo ngati akufuna."

Ndinacheukira pakhomo. Chitseko chinali chotseka theka, ndipo kuseri kwake kunkaoneka khonde lalitali lopanda munthu, ndi ndowa imene wokolopa anaiwala.

Titatuluka ndinawasiya achimwene pa benchi, ine n'kubwerera ndekha.

"Mayi, ine ndabweretsa munthu kuti mumuchize. Inu mukupereka mipando kwa zinthu zosaoneka?"

"Inu simuwamva mawuwo, inenso sindiwamva. Koma achimwene anu amawamva monga mmene mukundimvera inemu. Munawauza kuti kulibe munthu?"

"Ndinawauza, kangapo konse."

"Anabaya?"

"Sanabaye," ndinavomera.

"Ife tikamakangana zoti mawuwo alipo kapena palibe, shuga sadikira. Ine ndikufuna achimwene anu aphunzire kuwayankha."

Ine anandipatsa ntchito yanga. Ndizikhalapo nthawi ya jakisoni, m'mawa ndi madzulo. Ndisamakangane nawo, ndisamawachonderere, ndizingocheza nkhani wamba. Achimwene aziona aphungu Lolemba, ndipo Lachinayi m'mawa azibwera ku gulu.

Tsiku loyamba la gulu anandilola kukhala kumbuyo. Anali anthu asanu ndi anayi, aliyense ndi matenda ake awiri, a m'thupi ndi a m'mutu. Wina mphumu ndi mantha osatha, wina khunyu ndi chisoni chimene chinamutsekera m'nyumba zaka ziwiri. Wolankhula kwambiri anali a Dalaivala, bambo wamkulu thupi amene kale ankayendetsa mabasi, mapazi atatupa ndi matenda a mtima. Iwonso ankamva mawu, zaka makumi awiri.

"Anga ndi azimayi atatu," anatero. "Ndinakwatira mmodzi yekha, koma onani chilango."

Anthu anaseka. Achimwene sanaseke, koma anadzutsa mutu.

"A Mpala, vuto lanu n'lakuti mwamulekerera mlendo. Mlendo wosapatsidwa nthawi amagona pabedi pako, iwe n'kugona pansi. Muuzeni kuti, pano ndili pa ntchito, mubwere folo koloko, ndikupatsani mphindi khumi ndi zisanu. Basi imene ili ndi nthawi yake, nanga iyeyo ndani?"

"Akakana?"

"Kukana akana. Anga anakana miyezi iwiri. Mumangobwerezabwereza ngati kondakitala."

Aphungu anawonjezera kuti njirayi sithandiza aliyense, koma ayese, ndipo mankhwala asasiye ngakhale tsiku limodzi.

Masabata oyamba anali ovuta. M'mawa ndinkafika shopu isanatsegulidwe, n'kutenga kabotolo kwa wagolosale. Achimwene ankakhala pa benchi malaya atakweza, jakisoni m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira.

"Pano ayi. Folo koloko," ankatero, kuyang'ana kumanzere. "Pano ayi. Folo koloko."

Ine ndinkayamba nkhani ya mkwatibwi wina amene ndinkamusokera diresi, yemwe ankanenepa sabata iliyonse ngati akuchitira dala. Maso ali pa singano, koma pakamwa pakuyenda. Masiku ena zinkatenga theka la ola kuti singano ilowe. Kawiri konse zinakanika, ndinawabaya ndine monga anandiphunzitsira anamwino, iwo atatsinzina n'kumanong'ona kuti, "Pepani, pepani," koma osati kwa ine.

Galasi nalo aphungu anati asalivundukule lonse kamodzi. Sabata iliyonse ankapinda nsaluyo mulingo wa chikhatho chimodzi. Mwezi wachiwiri usanathe, galasi lonse linali poyera, ndipo makasitomala anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Bambo wonenepa uja anabweranso. Anati wabwera kudzamalizitsa theka lake lija.

Ndipo mlendoyo anayamba kusunga nthawi.

Tsiku lina ndinachedwa m'shopumo mpaka madzulo, ndikuwasokera chigamba pa nsalu yofunditsa makasitomala. Achimwene anali kutsuka zipeso, mwadzidzidzi anaima.

"Afika. Ukhoza kukhala, koma usalankhule."

Anakankha chitseko n'kusiya kampata. Anatembenuza mpando wozungulira uja kuti uyang'ane ku benchi, iwo n'kukhala pa benchipo, manja pa mawondo ngati mwana wasukulu woitanidwa ku ofesi. Ndinayang'ana wotchi yapakhoma. Inkaloza thu koloko, ndipo kamuvi ka masekondi kankangonjenjemera pamalo amodzi, batire litatha. Ndinasuzumira pa foni yanga. Inali folo koloko ndendende.

Anamvetsera nthawi yaitali, maso ali pa mpando wopanda munthu, pamalo pamene pamakhala nkhope ya munthu wamtali.

"Eya." Kenako zii. "Ayi, zimenezo munanena dzulo." Zii. "Ndabaya, ndipo madzulo ndibayanso."

Apa anatsinzina ngati wina wawakuwira kumaso. Atatsegula maso anayang'ana ine.

"Akuti iwe mutu ukukupweteka kuyambira Lolemba. Akuti kumbuyo kuno." Anadzigwira pa nkhongo.

Zinali zoona. Ndinali ndisanauze munthu aliyense.

Mphindi zawo zitakwana anaimirira. "Nthawi yatha. Muyende bwino." Anatsegula chitseko chonse n'kuima pambali, monga umachitira kuti munthu wamkulu adutse. Ndinazindikira kuti nanenso ndabweza miyendo kuti ndipereke njira.

M'mawa mwake ndinali pakhomo pa aphungu iwo asanafike.

"Mayi, adziwa bwanji za mutu wanga?"

"Achimwene anu akhala akuyang'ana mitu ya anthu zaka makumi awiri ndi zisanu. Munthu akaumitsa khosi, amaona. Zimene maso awo aona, nthawi zina zimatulukira pakamwa pa mlendoyo. Koma za mutuwo tiyeni kwa anamwino."

Anamwino anandiyeza kawiri, n'kundifunsa ngati ndabwera wapansi. Magazi anga ankathamanga kwambiri. Ndinalowa m'chipatala ngati woperekeza, ndinatuluka ndi kabuku kangakanga ndi mapiritsi.

Mwezi wachitatu aphungu anandiitanitsa Lolemba. Anati achimwene ali ndi chimene akufuna ndimve. Ndinawapeza atakhala moyang'ana kuzenera, kumene zofunda zoyera zinkagwedezeka pa zingwe.

"Iwe, ukukumbuka mmene bambo ankachitira asanalankhule?"

Ndinkakumbuka. Ankakhosomola kawiri, kouma, koyamba kwakukulu kachiwiri kwakung'ono. Tikamva chifuwa chimenecho pakhomo, tonse tinkasiya phokoso.

"Mlendoyu amatero."

Bambo athu anamwalira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndi shuga yemweyu. Anawadula mwendo, kenako maso anafa. Ine nthawiyo ndinali ku banja kutali, ndinangobwera ku maliro. Amene ankawabaya jakisoni anali achimwene. Zimenezo ndinkadziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti bambo ankakana, ankakankha, ankati, "Ukundipha iwe ndi kasingano kakoka." Miyezi ina achimwene ankagonja n'kuwasiya. Tsiku lomaliza anawagwira mwamphamvu n'kuwabaya bambo akutukwana. Pofika masana anali atapita.

"Zaka zonsezi ndimadziwa kuti ndine," anatero achimwene.

Ndinafuna kukuwa kuti ayi, koma aphungu anandigwira pa bondo. Iwo sanathamangire kutsutsa. Anangofunsa ngati kabuku ka kuchipatala ka bambo kadakalipo. Ndinakapeza m'sutikesi ya malemu mayi, pansi pa nsalu zakale. Sabata yotsatira aphungu anapempha adokotala kuti abwere ku chipinda chakumapeto kuja. Adokotala anawerenga tsamba ndi tsamba, chala chikuyenda, akuwaonetsa achimwene pamene impso zinayamba kufa, chaka chathunthu tsiku lija lisanafike.

"Jakisoni wanu anawawonjezera miyezi," anatero. "Sanawachotsere ngakhale tsiku limodzi."

Achimwene sanalire. Anapempha adokotala kuti abwereze, kenako kuti alembe pa pepala. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse ankayeserera kuyankha. Aphungu ankanena mawu a mlendoyo, omwe aja, ndi liwu lawo lofatsa lija: "Usabaye. Ukuwola m'kati." Kumva mawu amenewo akutuluka pakamwa pa munthu wamoyo kunkandizizira m'mafupa. Achimwene poyamba ankangogwetsa nkhope. Patapita masabata anayamba kuyankha.

"Bambo, ndakumvani. Munkaopa, ndikudziwa. Koma mwendo uwu ndi wanga."

Mwezi wachisanu anawaitana kukayezetsa maso, monga amachitira ndi odwala shuga. Linali Lachitatu. A Dalaivala anati awaperekeza, poti nawonso anali ndi zawo kuchipatalako. Ine achimwene anandipempha kuti ndikhale m'shopu, ndiziuza makasitomala kuti abwere mawa. Ndinatenga siketi ya kasitomala yofunika kupinda m'mphepete ndi manja.

Kunatentha tsikulo. Chakumasana magetsi anazima, ndiye kwa wowotcherera kunali zii, wailesi ya wagolosale nayo zii. Ndinasesa tsitsi, ndinapukuta galasi, ndinabweza anthu atatu. Kenako msewu unangokhala ngati anthu onse asamuka. Nditadzutsa mutu, wotchi ija, imene tsopano inali ndi batire latsopano, inkati kwatsala mphindi zisanu kuti ikwane folo.

Ndinafuna kutseka n'kupita. Koma ndinadziuza kuti ndine munthu wamkulu, wa zidzukulu ziwiri, sindingathawe mpando. Ndinapitiriza kusoka. Ndi pamene ndinazindikira kuti ndakhala pa benchi, pamalo penipeni pamene amakhala achimwene.

Pakhomo munthu anakhosomola. Kawiri, koyamba kwakukulu, kachiwiri kwakung'ono.

Chitseko chinali chotsegula. Ndinkaona msewu wonse uli mbee ndi dzuwa, galu atagona pansi pa ngolo, ndi khoma la tsidya lina. Panalibe munthu.

Kenako chikopa cha mpando chinapuma, fuu, monga chimachitira munthu wolemera akakhalapo. Mpandowo unatembenuka pang'ono, pang'ono, mpaka unayang'ana kwa ine. Ndikudziwa kuti mpando umenewo uli ndi bawuti yolobodoka, ndipo pansi pa shopuyo ndi popendekeka. Ndinkadziwa zimenezo ngakhale nthawi imeneyo. Ndinayang'ana pagalasi. Munali ine, benchi, ndi msana wa mpando.

Sindinamve mawu alionse. Koma m'chipindamo munadzaza, monga mmene mumakhalira munthu akakufunsa funso n'kumadikira yankho. Singano inali itandilowa chala, magazi akudontha pa siketi ya mwini, ine osamva.

"Kulibe," ndinatero. "Apita kukayezetsa maso."

Kudikira kuja sikunathe. Ndinamva fungo la sipiriti, ngakhale botolo linali lotseka. Kenako mawu anatuluka okha, amene sindinawakonze.

"Bambo, musiyeni mwana wanu. Anakusamalirani ine kulibe. Ngati pali wolakwa ndine, amene sindinabwere."

Ndinakhala pomwepo, maso pa wotchi, misozi ikuyenda. Mphindi khumi ndi zisanu sizinayambe zatalikapo chomwecho. Zitakwana ndinaimirira.

"Nthawi yatha. Muyende bwino."

Ndinaima pambali pa chitseko. Nthawi yomweyo magetsi anayaka, ndipo mashini ometera, amene mwina ndinawayatsa mosadziwa popukuta magetsi atazima, anayamba kulira pa shelefu, akuyenda okha mpaka kugwa pansi. Ndinakuwa. Wagolosale anathamangira ndi botolo m'manja, akuyesa mbala. Ndinamuuza kuti ndadzibaya ndi singano. Anayang'ana chala changa, anayang'ana nkhope yanga, sanafunse zambiri.

Achimwene anafika dzuwa litapendeka, atavala magalasi akuda chifukwa cha mankhwala amene anawadonthezera m'maso. Anali osangalala ngati mwana.

"Iwe, lero sanabwere! Folo koloko inandipeza pa mzere. Ndinamvetsera, ndinamvetsera, zii. Koyamba chiyambire. A Dalaivala akuti mwina asowa thiransipoti."

"Zili bwino, achimwene," ndinatero. Ndinawapatsa kabotolo kawo, anabaya akuimba kanyimbo.

Aphungu ndinawauza zonse, osasiyako. Sanaseke, sanadzidzimukenso. Anandifunsa kuti ndimagona maola angati, ndi liti pamene ndinakhala tsiku lathunthu osapita ku shopu, ndiponso ngati ndinawalira bambo mokwanira. Mayankho anga onse anali ochititsa manyazi.

"Munthu wotopa, amene wangokumbutsidwa chifuwa cha bambo ake, atakhala yekha pa nthawi imene akuiopa, akhoza kumva. Sizitanthauza kuti mwadwala ngati achimwene anu. Zikachitikanso mudzandiuze msanga."

"Nanga mpando?"

"Mpandowo sindinauone. Sindingakunamizeni kuti ndikudziwa." Anasendeza mpando wawo pafupi nane. "Koma zimene munanena zija, zoti wolakwa ndinu, zimenezo ndiye ndikufuna tikambirane."

Anandilowetsa m'gulu la osamalira odwala, limene limakumana Lachiwiri. Kumeneko ndinapeza amayi ndi abambo a maso ofiira ngati anga. Tinagawananso ntchito. Jakisoni wam'mawa achimwene azibaya pamaso pa wagolosale, poti kabotolo kali komweko. Wamadzulo, masiku atatu pa sabata, azikhalapo a Dalaivala, amene anati azimayi awo atatu aja akufunika kuona anthu. Sabata yoyamba ndinkadzuka m'mawa mtima ukundiuza kuti ndathawa ntchito. Sabata yachitatu ndinagona mpaka dzuwa kundiwomba kumaso.

Papita chaka ndi miyezi inayi tsopano. Sikuti zonse zinayenda myaa. Nthawi ya mvula achimwene anadwala chimfine chachikulu, tulo tinasokonekera, mlendo anayambanso kubwera nthawi ina iliyonse, ndipo anagonekedwa masiku anayi. Koma ulendo uno ananena okha, tsiku lachiwiri lomwe, kuti zinthu sizili bwino. Masiku ano mlendoyo amabwera kawiri kapena katatu pa sabata. Za jakisoni amatchula mwa apo ndi apo. Nthawi zambiri akuti amadandaula za mametedwe a achinyamata. Loweruka m'mawa achimwene amapita ku wodi ya abambo kukameta odwala amene alibe owayendera. Ine sindinamvenso kanthu, m'shopu kapena kwina kulikonse.

Za tsiku lija ndinawauza mwezi watha. Tinkachokera kuchipatala tonse awiri, aliyense ndi kabuku kake ndi kathumba ka mapiritsi, titaima pa siteji kudikira minibasi. Ndinafotokoza mwachidule, maso ali pansi, ndikuopa kuti ndiwabwezera m'mbuyo. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndinadziwa tsiku lotsatira lomwe," anatero.

"Wagolosale anakuuzani?"

"Wagolosale anangoti unakuwa. Zinazo anandiuza bambo eni ake." Anasuntha kathumba ka mapiritsi kupita ku dzanja lina. "Akuti wakalamba. Akuti wayamba kufanana ndi mayi."

Ndinawayang'ana kumaso kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka, koma sankaopanso.

"Basi? Sananene china?"

"Anafunsa ngati mwamuna wako amakusunga bwino. Ndinawauza kuti anamwalira kalekale, ndipo umadzisunga wekha. Anakhala chete mpaka nthawi inatha."

Minibasi inafika. Achimwene anandisiyira mpando wa kuzenera, iwo n'kudzipanikiza pakati. Tisanafike pa siteji yachiwiri anali atayamba kale kumuuza kondakitala kuti amene anamumeta anamulakwira, n'kumulongosolera njira ya ku shopu.